Zimene Chingwe Chinabwera Nazo

Tinanyamuka padoko la Horta Lachiwiri, kuli nkhungu,
phiri la Pico litabisa nkhope ngati munthu wangongole.
Ine ntchito yanga ndi chingwe:
kuchitsitsa, kuchikweza,
masana n'kumapala dzimbiri pazitsulo za sitima.

Usiku wachitatu Idalina anandikodola.
"Gualter, dzaone kumene chingwe chako chafika."
Mamita oposa chikwi pansi pa nsapato zanga,
kumene dzuwa silinapondeko chiyambire,
nyali ya loboti inang'amba mdima
ndipo ndinaona chumuni chopanda nyumba
chikufuka utsi wakuda bii, tolotolo, m'madzi momwemo,
tinkhanu totuwa tili piringupiringu m'mbali mwake.

Moto wa pansi pa nthaka ine ndimaudziwa.
Mayi anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi
pamene nyanja inawira ku Capelinhos,
phulusa n'kukwirira munda, denga, ndi njira ya kuchitsime.
Alongo awo anawoloka nyanja, sanabwererenso.
Kwathu tikati phiri ladzuka
timayamba kuwerenga zimene litilande.

"Pakhoma la chumunicho pali mudzi," anatero Idalina,
maso ali psuu ndi tulo.
"Eni ake sungawaone, ndi miyandamiyanda pakadontho kamodzi.
Madzi oti angakusupule dzanja, kwa iwo ndi pamthunzi.
Sadziwa tsamba, sadziwa kuwala.
Ena amadya sulufule, fungo lija la dzira lowola,
ena amapuma chitsulo monga iwe umapumira mpweya.
Uyu akaumba dzimbiri, mnzake amalisungunula.
Mwala umalowa m'madzi, madzi amabweza mwala,
chumuni chimakula, chimagwa, china n'kuphuka pambali."

Nanga zotsala zimapita kuti?

Anajambula ndi chala pagalasi lonyowa.
Chitsulo chimene tizilomboti tachikhudza sichimira msanga,
chimatengedwa ndi mitsinje ya pansi pa nyanja,
zaka ndi zaka, mwakachetechete,
mwina china n'kukatulukira kumtunda
kumene ndere zimachifuna ngati mchere,
kenako nsomba, kenako namgumi,
yemwe uja agogo ankamuthamangitsa ndi bwato la nkhafi.
"Mwina," anabwereza. "N'chifukwa chake tabwera."

Ndinakweza chingwe kwa maola awiri.
Mphepo inasintha, sitima inapendama,
chingwe chinalira kamodzi, mtima wanga phaa,
koma loboti inatulukira, madzi akuchucha,
itafumbata botolo ndi chibenthu cha mwala.
Idalina anathamanga, nsapato imodzi itavuka,
botolo pachifuwa ngati khanda lobadwa masiku osakwana,
kulunjika ku uvuni.
"Kuno kwathu kumawazizira!" anakuwa ali pamakwerero.
Sindinaonepo munthu akupulumutsa chamoyo
pochiponya m'ng'anjo.

Anandipatsa kachidutswa ka mwalawo,
kakuda, konyezimira ngati golide wabodza, konunkha.
Ndinakaika m'thumba la malaya.
Pofika Lamlungu kanali katayamba kufiira,
n'kundisiyira banga pansalu, cha pamtima.

Lero ndabwerera kunyundo ndi chopalira changa.
Zaka makumi awiri ndakhala ndikutukwana dzimbiri,
kulitcha wakuba, kulitcha khate la sitima.
Ndikupalabe, malipiro anga ali pomwepo,
koma timabala tofiira tikamagwera m'madzi
ndimatiperekeza ndi maso mpaka titasowa,
ngati munthu woponya kalata
kwa achibale amene sadziwa mayina awo.

Tikafika ndikwera basi ya ku Capelo.
Mayi ndikawapeza kumunda,
akukumba mbatata m'dothi lakuda lomwe lija linawathamangitsa.
Ndikawaika kamwalaka m'manja.
Sindikudziwa ndikayambira pati.
Mwina akangokanunkhiza, n'kukwinya mphuno,
n'kunena kuti fungoli akulidziwa.